Ba Meshack ndi Matambala a Mfuti Yakale

Kumsika wa ku Kabwata, kuseri kwa mzere wa amayi osoka mayunifolomu a sukulu, kuli kashopu ka malata kopanda chikwangwani. Mmenemo mumakhala ba Meshack Kamanga, mdala wamtali, wowerama pang'ono, wokonda kuvala dasikoti ya buluu yothimbirira m'matumba. Amakonza makina osokera, maloko ndi mbaula za palafini, ndipo ukataya kiyi ya nyumba ndi iwowo amene amakusulira ina. Ambiri pamsikapo amangowadziwa ngati mdala wa makiyi. Ndi ochepa amene amadziwa kuti manja amenewo anakhwimira pa mfuti.

Kwawo ndi kufupi ndi Katete. Bambo awo anali osula makasu ndi nkhwangwa, ndipo chilimwe chikafika alenje ankawabweretsera mfuti za gogodela, zija zothira onga kukamwa, kuti awakonzere. Choncho fungo la chitsulo chotentha ba Meshack analidziwa asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakula anakwera basi kubwera ku Lusaka, dziko litangokhala zaka zochepa pa ufulu. Malume awo a ku Libala anawapezera ntchito yosesa m'sitolo ina ya mu mseu wa Cairo, yogulitsa mbedza, mahema ndi mfuti za alenje.

Kuseri kwa sitoloyo kunali kachipinda ka mzungu wina wokalamba, wokonza mfuti. Makutu ake anagontha kalekale ndi kulira kwa mfuti, ndiye antchito anangomutcha Samva. Tsiku lina akusesa, ba Meshack anatola kasipuling'i pansi pa tebulo. Patebulopo panali mfuti zingapo zophwasulidwa. Anakayang'ana kasipuling'iko, nayang'ananso mfutizo, ndipo anakaika pambali pa imodzi n'kupitiriza kusesa. Atatembenuka anapeza Samva ataima pakhomo, ndudu ili pakamwa. Mzunguyo anawayandikira. Anangowalanda tsache, n'kulitsamiritsa kukhoma, n'kuwalozera mpando.

Sukulu yake inali yopanda mawu, poti kulankhula ndi Samva kunali kungotaya mpweya. Samva ankatenga kachitsulo m'bokosi, n'kuwaikira m'dzanja, n'kupinda manja kudikira. Ba Meshack ankakatembenuza, kukapapasa, kukanunkhiza, kenako n'kupita kukhoma kukaloza mtundu wa mfuti imene kachokera. Akaphonya, Samva ankapukusa mutu n'kuwabwezera kachitsulo komweko, nthawi zina mpaka sabata yonse. Akalondola, ankawathirira tiyi wa m'fulasiki yake. Mwanjira imeneyo anaphunzira kuwerenga zidindo zing'onozing'ono zimene opanga mfuti amadinda pansi pa mpope wa mfuti, kusiyanitsa ntchito ya ku Mangalande, ya ku Belijiyamu ndi ya ku Sipeni. Alimi a ku Chisamba ndi ku Mazabuka ankabweretsa mfuti za machaka, ndiye kuti zipolopolo za tinjere ta mtovu, mfuti zimene anasiya agogo awo, zija za mipope iwiri, zina zokhala ndi tizitsulo tiwiri toimirira kumbuyo ngati mitu ya atambala. Tizitsulo timeneto, timene timagunda kuti mfuti ilire, ndi timene amati matambala. Ba Meshack ankazikonda mfuti zoterozo kuposa zatsopano. Ankati iliyonse inali ndi dzanja la munthu amene anaipanga, ndipo ukayang'anitsitsa umaona pamene tupa yake inadutsa.

Ali pantchito yomweyo anakwatira ba Tryness, mtsikana woimba kwaya ku tchalitchi cha Reformed, ndipo anapeza nyumba ku Kabwata kumene akukhala mpaka lero. Anaphunzitsa ana awo onse. Woyamba, Cathy, ndi namwino ndipo amakhala ku Chelstone. Samva anamwalira, ba Meshack n'kutsala okha m'kachipindako zaka zambiri ndithu. Kenako zinthu zinasintha m'tauni, sitolo inagulitsidwa, ndipo eni atsopano anadzazamo mawailesi ndi mafiriji. Ba Meshack anatuluka ndi matupa awo, vayisi yopanira zitsulo, ndi galasi lokuza zinthu limene Samva anawasiyira.

Zaka zimenezo mbava za mfuti zinkavutitsa mu Lusaka. Anthu osadziwika anayamba kufika pakhomo pawo, ena ovala bwino, akulankhula motsitsa mawu kuti ali ndi kantchito. Ba Meshack ankawalandirira panja, ataimirira.

"Ine ndinkakonza mfuti m'sitolo yokhala ndi chilolezo," ankatero. "Sitolo inatsekedwa, ntchitonso inathera pomwepo. Mukakhala ndi makina osokera, bweretsani."

Anali masiku ovuta, ana ali pasukulu, koma ba Tryness sanawakankhirepo kuti alandire ntchito zoterozo. Iwowo ndiwo anayamba kuwabweretsera makina a anzawo a kutchalitchi, mpaka kashopu ka kumsika kanakhazikika. Ba Meshack amaseka akamafotokoza kuti sanavutike kuphunzira, chifukwa makina osokera ndi mfuti n'zapachibale: sipuling'i, kachitsulo kogunda, ndi dontho la mafuta. Kuyambira pamenepo sanalumikizenso mfuti ngakhale imodzi. Chimene chinatsala ndi maso. Wogula zitsulo zakutha akapeza kanthu kokayikitsa m'thumba lake amadutsira pakashopuko kudzafunsa, ndipo iwo amamuuza dzina lake, kumene kanachokera, ndi ngati n'koyenera kukasiya kupolisi.

Nkhani imene anthu a kutchalitchi kwawo amawakumbukira nayo inachitika chaka chimene ba Dingani Jere a ku Woodlands anamwalira. Mkazi wawo, ba Virginia, anali mnzawo wa ba Tryness m'Chigwirizano cha amayi. Masana ena a Lachinayi, atatuluka ku msonkhano, ba Tryness anafika nawo kunyumba osati kumsika, n'kutuma uthenga kuti ba Meshack atseke shopu abwere. Anapeza ba Virginia atakhala m'mphepete mwa sofa, akadali mu yunifolomu ya Chigwirizano, atafungata kanthu kokulungidwa m'chitenje.

"Ba Kamanga, munikhululukile, nakuchotsani pa nchito," anatero ba Virginia. "Nili na mantha. Siningapite kwina."

"Pano m'panu, amake Jason," anatero ba Meshack. "Kambani."

Anafotokoza kuti mvula itayamba, siling'i ya kuchipinda inadontha. Amisiri atakwera anapeza chitini cha mabisiketi chitabisidwa pamwamba pa mtanda, chomangidwa ndi waya. Mmodzi anachitsegula, ndipo atangoona zimene zinali mkati anati ndi zitsulo za mfuti. Mawu anathamanga. Pofika madzulo nkhani inali itafika kwa ba Given, mng'ono wa malemu, ndipo pofika Lamlungu inali itazungulira abale onse.

Ba Meshack anaimvetsa nkhawayo asanauzidwe. Ba Dingani anali munthu wa muofesi, wofatsa, koma anamanga nyumba ya ku Woodlands m'zaka zimene anthu ankagona pamzere kudikira ufa ndi sopo. Kuyambira kale panali manong'onong'o akuti munthu wa malipiro sangamange nyumba yotero. Tsopano manong'onong'owo anali atapeza miyendo.

"Ba Given akamba ati, manje taona kwamene nyumba inachoka," anatero ba Virginia. "Ati ba Dingani anali kubweleketsa mfuti ku kawalala, aja akuba. Mwana wanga Jason nayenso afuna tiitane abusa, titaye chitini mu damu. Ine nakhala na uja munthu zaka zonse izi. Kansi sin'namudziwe?"

"Tisayambe ndi munthu," anayankha ba Meshack. "Tiyambe ndi chitsulo. Amake Cathy, tayalani nyuzipepala patebulo, mutsegulenso makatani."

Anasamba m'manja, navala magalasi, natulutsa galasi la Samva m'thumba. Anamasula waya uja pang'onopang'ono. M'chitinimo munali nsanza ya bulangete yonunkha mafuta akale a injini, ndipo m'nsanzamo munali zitsulo. Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziyala motalikirana. Panali matambala awiri, timbale tiwiri tachitsulo ta m'mbali mwa mfuti, masipuling'i, tizitsulo tokhethemulira, ndi chidutswa cha mipope chachifupi ngati chikhatho ndi theka, chochekedwa ndi sowo. Mtengo wake wogwirira mfuti panalibe.

Anawerama n'kuyamba kuziyang'anitsitsa. Ba Tryness, amene amawadziwa amuna awo, anapita kukateleka tiyi. Ba Meshack ananyowetsa kansalu ndi palafini n'kupukuta kambale kamodzi. Dzimbiri litachoka panaoneka abakha awiri ozokotedwa, akuuluka pamwamba pa bango. Anamwetulira pang'ono, koma anakumbuka amene wakhala patsogolo pawo, n'kubweza nkhope.

Anatembenuza chidutswa cha mipope chija n'kuika galasi pansi pake.

"Tabwerani muone, amake Jason. Mukuona kadzira aka? Muli zilembo zitatu mkati mwake, E, L ndi G. Ichi ndi chidindo cha ku Belijiyamu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anayamba kuika kachisoti kachifumu pamwamba pa dzirali. Ili lilibe chisoti. Ndiye kuti mfuti iyi inapangidwa agogo a agogo anu akadali anyamata."

Ba Virginia anasuzumira m'galasimo, osadziwa ngati nkhaniyo ndi yabwino kapena yoipa.

"Onaninso mizere iyi pampope, yopotana ngati chingwe cha sisalo. Kale sankaboola chitsulo chimodzi ayi. Ankakulunga timalamba tachitsulo pa ndodo, n'kutisula ndi nyundo mpaka tigwirane. Ndi ntchito yokongola, koma inapangidwira onga wakuda wa nthawi imeneyo, wofatsa. Machaka a masiku ano ndi aukali, mpope wotere sungawapirire."

Kenako anatenga matambala aja, limodzi dzanja ili, lina dzanja ilo, n'kumawayesa kulemera.

"Awa si a mimba imodzi. Ili ndi la ku Ulaya, lili ndi maluwa ofanana ndi a pakambale. Koma ili linasulidwa kumudzi. Mukuona timizere iti m'mbali? Ndi mano a tupa. Munthu anatenga tupa yakutha, n'kuiotcha pamakala, n'kusula tambala. Sipuling'i iyinso si yake, yachokera ku msampha wa nyama. Mfuti iyi inakhala kumudzi zaka zambiri, ikuthyoka, ikukonzedwa, ikuthyokanso. Mwini wake ankaisamala ngati ng'ombe imodzi yokha m'khola. Ndi mfuti yolondera m'munda, ya nguluwe ndi anyani, kapena nkhanga za ndiwo."

"Ndiye kuti kawalala sangaisewenzese?" anafunsa ba Virginia.

"Wakuba wanzeru sangaiyandikire. Komanso siinalirenso kwa zaka zambirimbiri. Taonani apa."

Anatembenuzira kuwindo mapeto a chidutswacho. Mpope wakumanzere unali wong'ambika, chitsulo chitatambasukira kunja ngati khoko la nthochi yosenda. M'mphepete mwa mng'aluwo dzimbiri linali lakuda, lokhwima, lofanana ndi la pena paliponse.

"Inaphulika. Wina anaikamo machaka atsopano, mpope n'kuphulika pamalo pamene munthu amagwira ndi dzanja lamanzere." Anavula magalasi n'kuwayang'ana mayiwo. "Ndikufunseni, amake Jason. Kubanja kwa amuna anu, kunali munthu wopanda zala kudzanja lamanzere?"

Ba Virginia anagwira pakamwa. Ba Tryness, amene anali atangolowa ndi thireyi, anaima pomwepo.

"Apongozi," anatero ba Virginia motsitsa. "Atate awo a Dingani. Analibe zala zitatu. Koma anali kukamba ati ni chigayo."

"Mwina ndi chigayodi. Ine apongozi anu sindinawaonepo. Chimene ndingaikire umboni n'chakuti mfuti iyi inaphulikira m'manja mwa munthu, kalekale, ndipo kuchokera tsiku limenelo siinagwirenso ntchito. Kupitirira pamenepo ndinganame."

Ba Virginia analira, ndipo ba Tryness anakhala pambali pawo n'kumawasisita pamsana. Ba Meshack anawasiya. Anapitiriza kupukuta zitsulo zija, chimodzichimodzi, ngati kuti mwini wake abwera kudzazitenga. Mayiyo atatonthola anapempha kuti ba Meshack akalankhule okha pamaso pa abale, chifukwa mawu a mkazi wamasiye akanangoti akuteteza mwamuna wake. Iwo anavomera, koma anaikapo lawo.

"Ndibwera. Koma tikatha kukamba, zitsulozi tikazisiye kupolisi. Ngakhale ndi zakufa, ndi za mfuti, ndipo lamulo silifuna kuti zizigona m'nyumba mwachinsinsi. M'damu ayi. Chotaya m'damu chimaoneka ngati chobisa mlandu. Musaope, ndikuperekezani ndine."

Loweruka masana anavala jekete yawo ya kutchalitchi, nakwera minibasi ndi ba Tryness kupita ku Woodlands. Abale anali atakhala pakhonde. Ba Given, bambo wonenepa wa ndevu zaimvi, anawapatsa moni waulemu koma wozizira. Ba Meshack sanayambe ndi kutsutsa aliyense. Anayala zitsulo patebulo monga anachitira kwawo, ndipo anapereka galasi kwa ba Given kuti aone okha kadzira kopanda chisoti, mano a tupa pa tambala, ndi mng'alu wa mpope. Anafotokoza mofatsa, akudikira funso lililonse.

Ba Given anagwira tambala losulidwa kumudzi lija nthawi yaitali.

"Ba Kamanga, ine nakumvelani," anatero. "Koma atate anapwetekeka ku chigayo. Ndiye vamene tinauziwa tonse."

"Munali ndi zaka zingati?"

"Ninali mwana. Sin'nayambe na sukulu."

"Alipo wamkulu amene anaona?"

Analipo. Mlongo wawo wamkulu, ba Thandazani, anali moyo ku Chipata. Ba Given anaimba foni n'kuiika patebulo, pakati pa zitsulozo, kuti onse amve. Atapatsana moni, anafunsa mosazungulira kuti zala za atate zinapita bwanji.

"Wafunsiranji lero?" anatero mawu a mayi wokalamba.

Ba Given anafotokoza za chitini.

"Ndiye kuti Dingani anazisunga," anatero ba Thandazani. Anapuma, kenako anaikamba nkhani yonse. Mfutiyo inali ya agogo awo, amene anaipata kwa mzungu wa fodya yemwe ankamugwirira ntchito. Atate awo ankalondera nayo chimanga. Machaka ake akale anali atasowa, ndipo ankachita kudzaza okha m'makoko akale ndi onga wa gogodela. Dingani atayamba ntchito ku Lusaka, ulendo wake woyamba wobwerera kumudzi anawagulira atate mphatso: bokosi la machaka atsopano, ofiira, onyezimira. Atate anasangalala, ndipo m'mawa mwake anapita nawo kudimba, Dingani ali pambuyo. Kulira koyamba komweko mfuti inaphulika.

"Dingani ndiye anawabereka kuchoka kudimba mpaka kumseu," anapitiriza ba Thandazani. "Kuchipatala atate anati ndi chigayo, chifukwa mfuti inalibe pepala, komanso sanafune kuti mudzi uziti mwana wapundula bambo ake. Anatilumbiritsa ine ndi amayi. Mfuti anati itayidwe m'chimbudzi. Dingani anati akataya yekha. Kuyambira pamenepo sanalolenso atate kugwira khasu, ankalipira aganyu chaka chilichonse. Ndipo iwe Given, ukamakamba za nyumba, uzikumbuka kuti mkulu wako ankachoka kuofesi n'kukayendetsa takisi mpaka anthu atatha m'misewu. Unali kusukulu ya boding'i, sunaone."

Foni inatsekedwa. Ba Given anabwezera tambala lija patebulo mosamala, naimirira, napita pamene panakhala ba Virginia. Ngakhale ndi thupi lawo lolemera, anagwada.

"Mulamu, nalakwa. Nakamba voipa pa akulu anga, na pali imwe."

Ba Virginia anangogwedeza mutu, misozi ikutsika. Ba Meshack anaona kuti zotsalazo n'za banja. Anakodola ba Tryness, natuluka kukaima kumunda wa kuseri, kumene anapeza mpopi wa madzi ukudontha. Mmene ankaitanidwa kuti adzadye, anali ataumasula kale ndi sipanala imene amayenda nayo m'jekete, akudula kachikopa koti atsekere.

Sabata yotsatira anaperekeza ba Virginia kupolisi, ba Given ali nawo. Ba Meshack anatchula chitsulo chilichonse dzina lake, wapolisi wamkazi akulandira. Wapolisiyo anachedwa pa kambale ka abakha kaja, akukatembenuzira kudzuwa, ndipo anaitana anzake kuti adzaone. Ba Virginia anajambula zitsulozo pafoni asanazipereke, ndipo anapempha kuti chitini chokha abwerere nacho. Anawalola. Lero amasungiramo ulusi ndi mabatani.

Nkhaniyo inayenda m'tchalitchi, n'kudumphira m'matchalitchi ena, ndipo anthu anayamba kufika pakashopu ka ku Kabwata ndi tinthu tokulunga m'mapepala. Ambiri amabweretsa zimene si za mfuti n'komwe: zidutswa za maloko akale, za sikelo, za makina olembera. Ba Meshack amaziyang'ana ndi ulemu womwewo, n'kumuuza munthu chimene wanyamula. Cathy wakhala akuwachonderera kuti apume, asamukire ku Chelstone kumene kuli chipinda chowadikira. Iwo amayankha kuti adzabwera makiyi akadzasiya kutayika mu Kabwata.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wa ku Kabulonga, ba Perpetua, amene anagula nyumba yakale ya azungu. Pokumba dzenje la zinyalala, antchito anafukula kachitsulo kopindika, kokhala ndi kamutu ngati ka mbalame ndi mabowo awiri. Ba Meshack anakapukuta, nakaika pansi pa galasi, nakatembenuza uku ndi uku. Anapempha kuti akasiye. Anakhala nako mpaka mvula inatha, akumakatulutsa ntchito ikachepa, nthawi zina akumakapapasa m'thumba ali pamzere wa minibasi. Ba Tryness ankadandaula kuti munthu akumuyankha za ndiwo maganizo ali ku Kabulonga.

Ba Perpetua atabweranso, anapeza kachitsuloko kali koyera, kokulungidwa m'kansalu ka mafuta.

"Amayi, ndi ka mfuti ya machaka, pamenepo sindikukayika," anatero ba Meshack. "Ndi kotsegulira mipope, ndipo ndi kakale kwambiri. Koma amene anakapanga, ndi dziko lake, sindikudziwa. Chidindo chake sindinachionepo."

"Olo kungoganizila chabe, ba Kamanga? Nikauze ana kanthu."

"Ndikaganizira, mukauza ana anu, iwonso adzauza awo, bodza langa n'kukhala mbiri ya nyumba yanu. Kawauzeni kuti mdala wa ku Kabwata walephera."

Ananena zimenezo akuseka, ngati munthu amene walandira mphatso. Ba Perpetua asananyamuke, ba Meshack anawapempha kuti ajambule chidindocho pafoni, chikule bwino, akatumize kwa Cathy. Anali atamva kuti pa intaneti pali magulu a nkhalamba za kumaiko ena zimene zimakhalira kukangana za zidindo za mfuti zakale, ndipo ankafuna kuti Cathy akaziponyere funsolo.

Yankho lenileni silinabwere. Mmodzi wa ku Ulaya anati mwina ndi ya ku Jeremani, wina anamutsutsa, ndipo mkangano unapitirira pakati pawo. Cathy amawawerengera zimenezi Lamlungu akabwera kudzacheza, akumasulira m'Chinyanja, ndipo ba Meshack amamvetsera atatseka maso, nthawi zina n'kunena kuti, "Ameneyo akudziwa," nthawi zina, "Ameneyo sanagwirepo tupa." Lolemba m'mawa amakhala atatsegula kale kumsika, mayi wina wosoka ataima pakhomo ndi makina amene akudumpha ulusi, mayunifolomu akufunika sukulu zisanatsegulidwe.